Kujambula zakumwamba zomwe sizidikira munthu

Ambiri amene timagula telesikopu ndi kamera timayambira pa mwezi, kenako Saturn ndi mphete zake, kenako mtambo wowala uja wa mu Orion. Zinthu zimenezi n'zoleza mtima. Mitambo ikakulepheretsani lero, mudzazipeza mawa kapena chaka chamawa zikadalipo. Koma kumwamba kuli gulu lina lomwe silidikira munthu: nyenyezi za mchira, nyenyezi zophulika zotchedwa nova, ndi zinzake zazikulu zotchedwa supernova. Amenewa ndi alendo, ndipo paja mlendo ndi mame. Ndikulembera inu amene muli kale ndi kachipangizo kanu ndipo mukufuna kuyamba kusaka zoterezi. Zipangizo mugwiritsa ntchito zomwezo, koma chithunzicho chimasintha ntchito. Chimakhala umboni wa zimene zinali kumwamba pa mphindi yakutiyakuti, ndipo kukongola kwake kumabwera pambuyo.

Zipangizo zanga n'zochepa: telesikopu ya magalasi ya mamilimita 80 kukamwa kwake, kamera ya DSLR yomwe inakalamba kale, ndi mount yotsatira nyenyezi pamene dziko likutembenuka. Musadziderere nazo zoterezi. Hideo Nishimura wa ku Japan anatulukira nyenyezi ya mchira mu Ogasiti 2023 ndi kamera wamba ya lenzi ya mamilimita 200, makina akuluakulu osesa thambo usiku uliwonse asanaizindikire.

Nyenyezi ya mchira imene inanditsegula maso ndi C/2021 A1, yomwe Greg Leonard anaitulukira pa 3 Januwale 2021. Chakumapeto kwa Disembala chaka chomwecho inkaoneka kumadzulo dzuwa likangolowa. Usiku wina mutu wake unali kachibulunga kobiriwira, mchira wowonda ndi wowongoka. Mawa lake ndinalozanso, kamera yomweyo, masekondi omwewo, koma pa sikirini panatuluka chinthu china: mutu utawala kwambiri, mchira utapotokapotoka, ndipo chapakati pake pali mfundo, chigawo china chikuoneka kuti chaduka. Nditasanja zithunzi za usikuwo motsatana n'kuziyendetsa mwachangu pa kompyuta, mfundo ija inkaoneka ikutsetsereka ndi mchira kupita kunsonga. Chimachita zimenezi ndi mphepo ya dzuwa, tizidutswa ta mphamvu ya magetsi timene dzuwa limauzira mbali zonse. Mphepoyi ikasintha mwadzidzidzi imatha kudula mchira wa mpweya, wina n'kuyamba kumera pomwepo. Mchira wa usiku umenewo sunabwerenso, ndipo nyenyeziyo inanyenyeka kumayambiriro kwa 2022 itadutsa pafupi ndi dzuwa.

Ndati mchira wa mpweya chifukwa michira imakhala iwiri. Wa fumbi umaoneka woyera chachikasu, wotambalala ndi wopindika, ndipo susintha msanga. Wa mpweya ndi wabuluu, wowonda, woloza kumbali yotalikirana ndi dzuwa, ndipo ndi umene umasintha pa ola. Kubiriwira kwa mutu kumachokera ku kaboni wa maatomu awiri, amene kuwala kwa dzuwa kumamuphwanya asanafike kumchira. Choncho mukaona chithunzi cha munthu mchira wonse uli bii kubiriwira, dziwani kuti utotowo wathiridwa pa kompyuta.

Vuto loyamba limene mudzakumane nalo n'lakuti mount yanu ikutsatira nyenyezi, pomwe mlendoyu ali pa ulendo wakewake pakati pa nyenyezizo. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti akuyenda madigiri 3 pa tsiku, zomwe si zachilendo akayandikira dziko. Digiri imodzi ili ndi ma-arcsecond 3,600, ndiye madigiri 3 ndi 10,800. Mukagawa ndi mphindi 1,440 za tsiku limodzi mupeza 7.5 pa mphindi. Pa telesikopu yanga pixel imodzi, kutanthauza kadontho kamodzi ka chithunzi, imatenga ma-arcsecond pafupifupi 2, kutanthauza kuti pa masekondi 16 aliwonse mutu uja wadumphira pa pixel ina. Mukatsegula kamera mphindi zitatu monga mumachitira ndi milalang'amba, nyenyezi zituluka zozungulira bwino koma mutu wa mlendoyo utuluka kamzere, ndipo timizere ta mumchira tisakanikirana. Mankhwala ake ndi zithunzi zazifupi koma zambiri. Ine ndimayamba ndaona liwiro lake pa tsamba la pa intaneti la JPL Horizons kapena mu pulogalamu yoonetsa thambo ya Stellarium, kenako n'kusankha masekondi oti asayende kupitirira mapixel awiri. Ngati mukugwiritsa ntchito Stellarium, tsitsani kaye manambala atsopano a njira yake kuchokera ku Minor Planet Center, bungwe losunga njira za nyenyezi za mchira ndi miyala ya m'mlengalenga, apo ayi mudzaloza pomwe anali kuyembekezeka kalekale.

Posanjikiza zithunzi zambirizo kuti zikhale chimodzi, mapulogalamu a DeepSkyStacker ndi Siril onse ali ndi njira yosanjikizira pa mutu wa nyenyezi ya mchira m'malo mwa nyenyezi zam'mbuyo. Mumaloza mutuwo pa chithunzi choyamba ndi chomaliza, pulogalamu n'kuwerengera yokha pakatipo potengera nthawi imene kamera inalemba pa chithunzi chilichonse. Zotsatira zake, mlendo amatuluka wakuthwa, nyenyezi n'kukhala mizeremizere. Ambiri amadana nayo mizereyi, ndipo amathera usiku wonse kuichotsa kuti abwezeretsepo nyenyezi zozungulira. Sindiletsa, nanenso ndimapanga chimodzi chotero choti anthu asirire. Koma cha mizere chija ndi chimene ndimasunga ngati chenicheni, chifukwa mizereyo ikunena kumene ankalowera ndiponso kutalika kwa nthawi imene ndinajambula. Mchira ukakhala kuti ukusintha, musasanjikize za maola awiri pamodzi. Ziduleni m'magulu a mphindi 10 kapena 15, gulu lililonse likhale chithunzi pachokha.

Chenjeraninso ndi chida chosalaza kumbuyo kwa chithunzi, chija chochotsa kuwala kwa magetsi ndi kwa mwezi. Icho sichidziwa mchira. Chimauona ngati kuwala kosafunika n'kudya theka lake, inu n'kumaganiza kuti mchira unali waufupi. Timadontho take toyezera tiikeni kutali ndi mchira ndi dzanja lanu. Koma koposa apo jambulani ma-flat, zithunzi za kuwala kofanana paliponse zoonetsa fumbi la pa galasi ndi mdima wa m'makona, ndiponso ma-dark, zojambula chivindikiro chili chotseka, masekondi omwewo, kuzizira komweko. N'zotopetsa kuchita tulo titafika m'maso, zala zitauma ndi chisanu, koma popanda zimenezi simungasiyanitse nsonga ya mchira ndi zolakwika za kamera.

Nyenyezi za mchira zimawala kwambiri zikakhala pafupi ndi dzuwa, ndiye nthawi zambiri mumazipeza chisisira kapena m'bandakucha, zili m'munsi kwenikweni. Mpata wake umakhala wa mphindi zowerengeka pakati pa thambo lowala kwambiri ndi kulowa kwa nyenyeziyo. Konzekeranitu kukadawala: sankhani malo opanda mitengo kumbaliyo, dziwani pomwe ikalowere, kolezani fokasi pa pulaneti kapena nyenyezi yoyamba kutuluka, n'kumata tepi kuti isasunthe. Koma telesikopu kapena mabainokyula musalozetse kumbali ya dzuwa lisanalowe lonse. Kuphonya kamodzi kokha, diso lapita.

Mu Okutobala 2024 kunabwera Tsuchinshan-ATLAS, C/2023 A3, imene inaoneka koyamba ku Purple Mountain Observatory ku China ndiponso pa telesikopu ya ATLAS ya ku Sutherland ku South Africa. Imeneyi telesikopu ndinaisiya m'nyumba chifukwa mchira sukanakwanamo. Ndinangomanga kamera pa mount ndi lenzi wamba. Chapakati pa mweziwo, kutsogolo kwa mutu kunatuluka kansonga kowonda koloza kudzuwa, mosemphana ndi mchira weniweni. Si kuti fumbi linkapita kudzuwa ayi. Tizidutswa tikuluikulu timene nyenyeziyo inataya kale tinali titayalana m'njira yake, ndipo masiku amenewo dziko lathu linkadutsa pomwe tinkayang'ana mpepete mwa chiyalocho, ndiye chinaoneka ngati mzere. Patapita masiku ochepa kansonga kaja kanazilala. Amene anali atajambula kale mlungu wapitawo n'kunena kuti basi ndili nayo, kansongako kanawadutsa.

Za maulosi a m'nyuzi, amveni koma musawagwire ndi manja awiri. ISON inalengezedwa kwambiri mu 2013, koma inasweka podutsa pafupi ndi dzuwa mu Novembala chaka chomwecho. Pomwe 17P/Holmes, yomwe palibe ankaiwerengera, mu Okutobala 2007 inawala kuwirikiza pafupifupi theka la miliyoni pasanathe masiku awiri, anthu n'kumaiona ndi maso. Ine ndimadalira COBS, nkhokwe ya ku Slovenia kumene anthu a m'mayiko osiyanasiyana amalemba kuwala kumene aona ndi kuyeza okha usiku wapitawo.

Nova ndi nkhani ina, ndipo kunena zoona chithunzi chake sichisangalatsa. Ndi kadontho pakati pa timadontho. Mukaonetsa mnzanu amafunsa kuti ili pati. Koma m'kadonthomo mukuchitika zoopsa. Pamakhala nyenyezi ziwiri zozungulirana. Imodzi ndi chitsalira cha nyenyezi yomwe inatha moto, kukula kwake kofanana ndi dziko lathuli koma kulemera kwake kofanana ndi dzuwa, imene akatswiri amaitcha white dwarf. Imeneyi imakoka mpweya wa haidrojeni kwa inzake, mpweyawo n'kumaunjikana pamwamba pake mpaka kutentha ndi kupanikizika kufika poti wonse umayaka nthawi imodzi. Nyenyeziyo siifa, imangoyambiranso kuunjika. Zambiri zimatenga zaka zikwizikwi kuti zibwereze, koma zilipo zochepa zobwereza munthu akadali moyo. RS Ophiuchi inaphulika mu 1985, mu 2006, kenako pa 8 Ogasiti 2021, ndipo ulendo womalizawu ndi umene ndinaphunzirirapo kuyeza.

Kuwala kwa nyenyezi timakuyeza ndi magnitude. Nambala ikachepa ndiye kuti kuwala kwakula. Diso la munthu pamalo amdima limafika cha pa 6, ndipo kusiyana kwa masitepe 5 ndi kuwirikiza ka 100. RS Ophiuchi imakhala cha pa 11, koma tsiku limenelo inakwera kufika cha pa 5, kuwirikiza kupitirira ka 200. Pamenepa m'pamene chizolowezi cha ojambula zokongola chimapweteketsa. Tinazolowera kutsegula kamera nthawi yaitali kuti tikole kuwala kochuluka. Koma pixel iliyonse ili ndi malire ake. Ikadzaza imangolemba nambala yomaliza, kaya kuwala kwapitirira pang'ono kaya kakhumi, ndipo chithunzi chotero simungayezerepo kanthu. Ndiye ndinkatsitsa ISO, nambala yokulitsira kuwala mu kamera, kutsegula sekondi imodzi kapena ziwiri, n'kusuntha fokasi pang'ono mwadala kuti nyenyezi ikhale kabwalo kotambalala pa mapixel angapo. Ndikajambula choyamba ndinkayang'ana manambala a pakati pa nyenyeziyo. Akayandikira malire, ndinkachepetsanso masekondi.

Kuyeza kwake n'kuyerekeza. Bungwe la oyang'ana nyenyezi zosinthasintha kuwala la AAVSO, lomwe linayamba mu 1911 ndipo limalandira miyeso kwa aliyense, limapereka mapu oonetsa nyenyezi zoyandikana nayo zomwe kuwala kwake n'kodziwika ndipo sikusintha. Pa mapuwo manambala salembedwa ndi kadontho: mukaona 98 ndiye kuti 9.8. Anachita dala kuopa kuti kadonthoko mungakayese nyenyezi. Mumatenga chithunzi cha RAW, chija chosakonzedwa ndi kamera, kupatulamo mapixel obiriwira okha, n'kuyerekeza nova ndi nyenyezi zodziwikazo. Potumiza mumalemba kuti muyesowo ndi wa TG, kuti wougwiritsa ntchito adziwe kuti unachokera mu kamera wamba. Masiku akamapita ndinkaona RS Ophiuchi ikufiirira pa zithunzi, chifukwa cha haidrojeni wotentha amene amawala mofiira pa mananomita 656. M'masiku ochepa inali itachoka kale m'maso, koma kamera inapitiriza kuiona ikutsika pang'onopang'ono. Miyeso ya masabata akumapetowa ndi imene imasowa anthu, chifukwa chidwi chimakhala chitatha. Ngati mukufuna kuthandiza kwenikweni, khalani wa gulu lotsalira.

Mipata yotere si yosowa monga ambiri amaganizira. Mu Juni 2025 manova awiri, V462 Lupi ndi V572 Velorum, ankaoneka ndi maso nthawi imodzi ku thambo la kummwera.

Tsopano za nthawi. Wotchi ya mu kamera imathamanga kapena kutsalira mwakachetechete, ndipo palibe amaiyang'ana. Ikonzeni usiku uliwonse musanayambe, potengera nthawi ya pa intaneti, ndipo muiike pa UT, nthawi imene akatswiri a zakuthambo onse amagwiritsa ntchito. Mukatero simudzavutika kuwerengera maola a dera lanu, kapena kusokoneza deti pakati pa usiku pakadutsa. Dzina la foda lizikhala ndi deti, chinthu chojambulidwa, ndi chipangizo. Ndipo zithunzi za RAW musazifufute mukamaliza kupanga chokongola chija, ngakhale zija zooneka ngati mulibe kanthu.

Chifukwa chake ndi ichi. Pa 19 Meyi 2023 Koichi Itagaki wa ku Japan, munthu wamba amene watulukira masupernova ambirimbiri, anaona nyenyezi yophulika mu mlalang'amba wa M101, pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 21 miliyoni. Inatchedwa SN 2023ixf. M101 ndi mlalang'amba wokondedwa ndi ojambula, choncho usiku wa dzulo lake anthu ambiri ankaujambula pofuna chithunzi chokongola basi. Uthenga utamveka anabwerera ku mafoda awo, ndipo ena anapeza kadonthoko kakuyamba kutuluka maola angapo Itagaki asanakaone. Akatswiri anagwiritsa ntchito zithunzi zimenezo kudziwa nthawi imene kuphulikako kunayamba. Zija zomwe munalibe kanthu nazonso zinathandiza, chifukwa zinasonyeza kuti pa ola lakutilakuti inali isanayambe. Koma zinathandiza zokhazo zimene zinali ndi nthawi yolondola komanso zosakhudzidwa. Chithunzi chomwe chadutsa m'mapulogalamu ochotsa phokoso ndi ochepetsa nyenyezi sichingakhale mboni, pakuti mapulogalamuwo amafufuta timadontho tofooka, nthawi zina n'kupanga tina tomwe kunalibe.

Víctor Buso wa ku Rosario ku Argentina ndiye anachita mwayi woposa. Pa 20 Seputembala 2016 ankangoyesa kamera yatsopano pa telesikopu yake ya masentimita 40, ataloza mlalang'amba wa NGC 613. Ankajambula zithunzi zazifupi motsatana, n'kumaziyang'ana pomwepo. Pa zoyambirira panalibe kanthu, kenako kadontho kanayamba kuoneka n'kumawala iye akuona. Anali atakola mphindi zoyambirira za kuphulika kwa supernova, chinthu chimene akatswiri anachifunafuna kwa zaka zambiri. Mwayi unalipo, inde, koma akanati aziona mawa, uthenga ukanafika mochedwa kwa a matelesikopu akuluakulu.

Nanunso tsiku lina mudzaona kadontho komwe kunalibe. Ine ndinakaona pambali pa mlalang'amba wina, ndikuyerekeza chithunzi cha usikuwo ndi cha mwezi wapitawo. Mtima unagunda, manja n'kuyamba kunjenjemera pa mbewa ya kompyuta. Pamenepo m'pofunika kukhala pansi n'kukafunsa mafunso kadonthoko. Kodi kali pa zithunzi zonse kapena chimodzi chokha? Ngati n'chimodzi, ndi kachidutswa ka mphamvu kochokera kuthambo komwe kagunda sensa. Kodi mukasuntha telesikopu pang'ono kamasuntha limodzi ndi nyenyezi, kapena kamatsala pamalo omwewo a sikirini? Kakatsala ndi pixel yowonongeka. Ngati pafupi pali nyenyezi yowala kwambiri, kangakhale chithunzithunzi chake chobwerera m'magalasi. Kanga kanapambana mafunso onsewa. Ndinatuluka n'kujambulanso patatha ola, ndipo nditayerekeza, kanali katasuntha pang'ono ndithu. Supernova siyenda. Nditalowetsa malo ndi nthawi mu MPChecker ya Minor Planet Center, dzina linatuluka: mwala wa m'mlengalenga wodziwika kalekale, umene unangodutsa pamenepo usikuwo. Kakanakhala kosasuntha, ndikanayang'ana mu VSX, m'ndandanda wa nyenyezi zosinthasintha kuwala, kenako pa zithunzi zakale za thambo mu pulogalamu ya Aladin, kenako pa Transient Name Server, tsamba lolembetsapo nyenyezi zophulika zatsopano, kuona ngati wina wanena kale. Zonsezi sizitenga nthawi yaitali, ndipo mukazichita, uthenga wanu umakafika kwa akatswiri uli ndi malo enieni, nthawi ya UT, kuwala kwake, ndi chipangizo chimene munagwiritsa ntchito. Uthenga wongoti ndaona chinthu chachilendo palibe amaulabadira.

Nova yobwereza imene ambirife tikuilondera ndi T Coronae Borealis, m'kagulu ka nyenyezi kooneka ngati theka la bwalo pakati pa nyenyezi zowala za Arcturus ndi Vega. Inaphulika mu 1866 ndi mu 1946, ndipo ambiri ankayembekeza 2024, koma chakacho chinatha ili phee pa magnitude 10. Leslie Peltier wa ku America anailondera zaka zoposa 20, koma m'mawa wa mu Febuluwale 1946 umene inaphulika anali atasankha kusadzuka chifukwa sankamva bwino m'thupi. Ikaphulika imakwera kufika cha pa 2 m'maola ochepa, ndipo pasanathe mlungu imakhala itachoka m'maso.

Usiku uliwonse umene kaguluka kali kumwamba ndipo kulibe mitambo, ndimayamba ndajambula malowo ndisanapite ku china chilichonse. Zithunzi zochepa chabe, nthawi yolondola, n'kuziyang'ana pomwepo. Koma masekondi oyenera nyenyezi ya magnitude 10 adzadzazitsa mapixel ikadzafika pa 2, pakuti kusiyana kwake ndi kuwirikiza kupitirira ka 1,000, ndipo usiku umenewo si woyamba kuyesayesa. M'kagulu komweko muli Alphecca, yomwe ili pa magnitude 2.2, pafupifupi pomwe T Coronae Borealis ikafike. Iyeseni lero: pezani ISO, masekondi, ndi kasunthidwe ka fokasi komwe Alphecca siidzaza mapixel koma nyenyezi zoyerekezera zikuonekabe. Mwina mudzapeza kuti telesikopu yakulitsa ndipo lenzi wamba ndi imene ikuyenera. Manambalawo alembeni pa kapepala, n'kumata mkati mwa chivindikiro cha bokosi la kamera.